Kadzidzi wa pa Mfuti ya a Kalinde

Tiyamike ndi Mwayi, adzukulu anga, ndalemba izi m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mumamva zonse, ngakhale kuti ndikakupatsani moni mumandiyankha m'Chingerezi ngati antchito a m'ndege. Muwerenge pang'onopang'ono. Mawu ena akakukanikani musafunse foni. Mufunse mayi anu, chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza iwo kuposa ine.

Pa tchuthi chapitachi munapeza mabuku a mfuti zakale pa shelefu yanga, ndipo munaseka kuti munthu amene satha kupha ngakhale nkhuku akuchita nawo chiyani. Funsolo linali labwino, koma ndinalizemba chifukwa agogo anu aakazi anali pompo. Tsopano andilola. Yankho lake ndi ili: panatsala pang'ono kuti ukwati wa bambo anu ndi mayi anu ulephereke chifukwa cha kamfuti kamodzi kakale, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndikanene zaka zake. Koma kuti mumve bwino ndiyenera kuyambira patali, ndipo mundipirire, pakuti ndinaphunzira mbiri yakale ndipo sindidziwa njira yachidule.

Mfuti yoyamba imene ndinaiona inali gogodela ya malume anga kwathu ku Ntcheu. Inu simunaionepo. Inali yaitali kuposa ine, ndipo onga ankauthirira kukamwa kwake nkumausinja ndi kamtengo. Ikalira, utsi unkaphimba malume onse, anyani nkuthawa m'munda, ifenso nkuthawa. Sindikumbuka kuti inaphapo kanthu. Inalibe nambala, inalibe dzina. Ukafunsa kuti inabwera liti, malume ankati chaka cha dzombe, azakhali nkutsutsa kuti chinali chaka chimene mtsinje unakokolola mlatho, ndipo aliyense ankakagona akudziwa kuti wapambana. Ine zimenezi zinkandisowetsa mtendere. Ndinali mwana wa sukulu wokonda kudziwa chaka chenicheni, ndipo khalidwe limeneli silinandichoke. Agogo anu amati ndinawafunsira ngati ndikulemba mayeso.

Ndinafika ku South Bend, kuno ku Indiana, kudzapitiriza maphunziro nditavala jekete imene ku Zomba anzanga ankati ndi yolemera kwambiri. Mphepo ya kuno inailowa ngati ndavala neti. Inu mumadandaula galimoto ikachedwa kutentha mkati. Ine ndinkayenda wapansi mu sinowo, mapepala a nyuzi ndili nditafutika m'nsapato. Choncho nditapeza ganyu m'chipinda chapansi cha nyumba ina yaing'ono yosungiramo zinthu zakale, sindinafunse kuti ntchito yake ndi yotani. Kunali kofunda, basi.

Ntchitoyo inali yolemba m'kaundula zinthu zimene mabanja ankabweretsa agogo awo akamwalira: mawotchi, makina osokera, zipewa, ndiponso mfuti zazing'ono za m'manja, zimene akuluakulu kwathu ankazitcha volovolo. Ndi zija zokhala ndi kagudumu kozungulira momwe mumalowa zipolopolo. Mkulu wa chipindacho anali mzungu wokalamba, a Walter, wosamva khutu limodzi, wokonda kudya anyezi wosaphika pa buledi. Ndiwo anandiphunzitsa kudziwa zaka za mfuti.

Lamulo lawo loyamba linali lakuti utsegule mfutiyo ndi kuona ndi maso ako kuti mulibe chipolopolo, ngakhale amene wakupatsayo akhale mbusa. Lachiwiri linali lakuti usathamangire nambala. Uyambe waona mmene mfutiyo imatsegukira. Zina zimapindika pakati ngati mpeni wa m'thumba, zina kagudumu kamagwera pambali, ndipo zina umalowetsa chipolopolo chimodzichimodzi pa kakhomo. Uwerenge masikuluwu, chifukwa mafakitale ankawachepetsa m'kupita kwa zaka. Ufufuze zidindo ndi galasi lokulitsira zinthu, pakuti mfuti imene inagulitsidwapo ku Britain imakhala ndi tizisoti tachifumu todindidwa pa chitsulo. Nambala ibwere pomalizira, ndipo usaikhulupirire msanga. Mfuti imodzi ikhoza kukhala ndi manambala awiri kapena atatu, ena oikidwa ndi amisiri kuti zitsulo zisasokonekere pa benchi, ndipo mafakitale ena ankayambiranso kuwerenga kuchokera pa wani. Ndikalakwitsa, a Walter ankagogoda tebulo ndi pensulo nkunena kuti, "Wawerenga bwino kwambiri, mnyamata wanga, koma wawerenga nambala ina." Ankabwerezanso kawirikawiri kuti nambala imangonena nthawi imene chinthu chinapangidwa, za amene anachigwira pambuyo pake siidziwa kanthu. Ine ndinkavomera ndi mutu, osadziwa kuti tsiku lina mkazi wanga adzandiuza zomwezo, ndipo mwaukali.

Tsopano ndikuuzeni za mantha, chifukwa inu munabadwa atatha. Masiku amenewo kwathu kunali chipani chimodzi, ndipo mawu onenedwa pa phwando ku Indiana ankatha kukafika kumudzi iwe mwini usanalembe kalata. Aliyense ankadziwa kuti pakati pa ophunzira akunja pali akazitape, koma palibe ankadziwa kuti ndani. Tinali ochepa, tinkapemphera limodzi, tinkagawana ufa wa chimanga umene munthu wabwera nawo m'sutikesi, tinkametana tsitsi m'makhitchini. Koma nkhani ikakhotera ku zandale, aliyense ankayang'ana kukhomo.

A Kalinde, bambo a mayi anu, anali munthu wofatsa, wamtali, wosaseka mokweza. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Anali ndi zinthu ziwiri zimene zinawapweteketsa. Choyamba, ankayenda ndi kabuku m'thumba la malaya, ndipo akakumana ndi Mmalawi watsopano ankalemba dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya foni. Chachiwiri, anapita kumudzi kawiri nkubwerako bwinobwino, pa nthawi imene ambiri a ife tinkaopa kuti tikatera pa bwalo la ndege sitidzaonekanso. Palibe anawanena pamaso. Tinkangosintha nkhani akalowa. Ndikunena kuti "tinka" chifukwa inenso ndinali momwemo. Ndinkawapatsa moni ndi manja awiri, nkuyamba kukamba za nyengo.

Agogo anu aakazi, NaJere, anali ndi chifukwa chachikulu kuposa tonsefe. Achimwene awo aakulu, amene anali mphunzitsi kumudzi, anawalembera kalata yokhala ndi nthabwala yonyoza akuluakulu a boma. NaJere anaiwerenga mokweza pa chakudya cha Khrisimasi, tonse nkuseka. Patapita miyezi yochepa achimwene awo anatengedwa, ndipo anakhala m'ndende zaka zingapo popanda mlandu. Anatuluka ali wodwala. A Kalinde analipo pa chakudya chija. Kunalinso anthu ena oposa khumi, ndipo makalata masiku amenewo ankatsegulidwa asanatuluke m'dziko. Zonsezi ndinawauza NaJere kangapo. Ankangondiyang'ana nkupitiriza kutsuka mbale.

Zaka zinapita. Kwathu zinthu zinasintha, anthu anayamba kutukwana boma pa wailesi, ifenso tinakalamba. A Kalinde anasamukira ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, ndipo tinkakumana pa maukwati ndi pa maliro okha. Kenaka bambo anu, Limbani, atayamba ntchito ku Indianapolis, anakumana ndi mayi anu, Tadala, m'sitolo ina ya pa Lafayette Road. Iwo amati ankalimbirana thumba lomaliza la ufa. Ine ndikukayika, chifukwa bambo anu mpaka lero sadziwa kumene ufa umakhala m'sitolo. NaJere atamva kuti mtsikanayo ndi mwana wa a Kalinde sanasangalale nazo. Koma Tadala anabwera kudzationa, namwino wa maso akuthwa, ndipo pasanathe ola anali atawadzudzula agogo anu chifukwa chodumphitsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. NaJere amakonda munthu wosawaopa. Anavomera. Ankhoswe anakumana, tsiku la chinkhoswe linaikidwa.

Chinkhoswe chisanafike, a Kalinde anadwala mtima nkumwalira. Tinawaika konkuno.

Mukudziwa kuti maliro akatha timakhala pansi kugawa zovala za malemu. Kuno timachitabe, ngakhale kuti m'malo mwa abale enieni pamakhala anthu a mumpingo. Tinasonkhana ku Beech Grove masana, amuna pa mipando, amayi pa kapeti. Majekete anagawidwa, nsapato zinagawidwa. Pomalizira anatulutsa bokosi lachitsulo limene a Kalinde anabwera nalo kuchokera ku Malawi, dzina lawo lolembedwa ndi penti pamwamba. Munali masatifiketi, Baibulo la mayi awo, makalata, ndipo pansi penipeni panali kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale. Mayi wina anakafunyulula, nkukuwa, nkukaponya pa kapeti. Inali volovolo yaing'ono yonyezimira, ndipo pa chigwiriro chake chakuda panali nkhope ya kadzidzi.

Simungamvetse mmene chipindacho chinazizirira. Kuno mnansi wanu akhoza kukhala ndi mfuti zisanu nkumaimba kwaya Lamulungu. Kwathu munthu wamba sasunga mfuti ya m'manja. Amene ali nayo ndi wakuba kapena wa boma. Ndipo kadzidzi, amene inu mumamujambula pa makadi a sukulu atavala magalasi, kwathu akalira padenga anthu amayamba kuganiza za maliro ndi za afiti. Tsono mfuti, kadzidzi, ndiponso m'bokosi lochokera kumudzi. Palibe anafunsa funso. Aliyense anaona kuti chimene chili m'bokosi la kumudzi chinachokera kumudzi, ndipo amene anawapatsa ndi amene anawatuma. Ine ndinali kutali, pafupi ndi khomo, ndipo ndisanadzuke mayi a Tadala anali atakulunganso kanthu kaja nkulowa nako kuchipinda. Anthu anatsanzika msanga, ena osatenga ndi majekete amene anapatsidwa.

M'galimoto, titadutsa tauni ya Kokomo, NaJere anayamba.

"Mwana wanga sakalowa m'nyumba imene ija," anatero.

"Mayi a Limbani, tiyeni tiyambe tadziwa chimene taona."

"Inu simunaone? Magalasiwo ndi a chiyani? Zaka zonsezi mumandiuza kuti palibe umboni, palibe umboni. Lero umboni wagwa pa kapeti, mukuti tiyambe tadziwa."

"Tadala sanalakwe kanthu."

"Sindinati walakwa. Koma ine ndikavine pa chinkhoswe, ndikagwade, ndikalandire nkhuku kuchokera ku banja limene linadyera achimwene anga? Adzukulu anga adzatchedwe magazi a munthu ameneyo? Yendetsani galimoto, bambo, mukulowa kumunda."

Sabata imeneyo inali yaitali. Bambo anu ankandiimbira tsiku lililonse. "Adadi, amayi sakuyankha. Ndakola, ndatekisita, palibe. Tadala akuti tingokansela, safuna kulowa m'banja limene likuti bambo ake anali mfiti." Ndinamuuza kuti adikire, ngakhale kuti sindinkadziwa chimene ankadikira.

Lachinayi anaimba mayi a Tadala eni ake, agogo anu a ku Beech Grove. Mawu awo anali ouma.

"Bambo a Limbani, ndamva kuti inu mumadziwa kuwerenga mfuti. Ine chinthuchi sindinachionepo. Ndagona pafupi ndi bokosi limeneli zaka zonsezi. Bwerani mudzandiwerengere, ndidziwe amene ndinakhala naye. Ndipo mubwere ndi akazi anu. Chimene mudzapeze, adzachimve ndi makutu awo."

NaJere anati sapita. Loweruka m'mawa ndinawapeza atakhala kale m'galimoto, chikwama pamiyendo.

Tinakhala pa tebulo la m'khitchini, atatu, mfuti ija ili pakati pathu. Ndinayala thaulo, ndinaika galasi langa, sikuludiraiva yaing'ono ndi buku limodzi la pa shelefu ija. Ndinakweza kachitsulo ka pamwamba, mfuti nkupindika pakati. Mabowo asanu a m'kagudumu anali opanda kanthu, koma munali dzimbiri ndi fumbi.

"Musaloze kuno chinthucho," anatero NaJere.

"Mulibe kanthu, ndaona."

"Ndati musaloze kuno."

Ndinailozetsa ku firiji. Ndinali nditaizindikira kale, chifukwa kwa a Walter zoterezi zinkabwera zambiri. Zinkapangidwa ku Massachusetts ndi fakitale imene inkapanganso njinga, ndipo zinali zotsika mtengo, zosungidwa m'madirowa a ogulitsa m'masitolo ndi a akazi amasiye.

"Kadzidziyu ndi chizindikiro cha fakitale," ndinatero, "monga kambuku wa pa bokosi la machesi. Kwa azungu ndi mbalame ya nzeru."

"N'chifukwa chake ali chonchi," anatero NaJere.

Mayi a Tadala anatsala pang'ono kuseka, koma anadzigwira.

Ndinawaonetsa kuti kadzidziyo ankayang'ana kumpope wa mfuti. Pa mfuti za mtunduwu zimenezo zili ndi tanthauzo. Zakale zonse kadzidzi amayang'ana kumpope. Mu 1909 fakitale inasintha kapangidwe kuti zizipirira onga wamakono wopanda utsi, ndipo kadzidzi anamutembenuza. Koma ndinawachenjeza kuti zigwiriro zimasinthidwa, munthu akhoza kuika chakale pa mfuti yatsopano, choncho kadzidzi yekha sangakhale mboni. Pansi pa kachitsulo kotchinga chokhethemulira panali nambala, yooneka bwino. Ine wa masiku a kwa a Walter aja ndikanathamangira m'buku. Koma fakitale imeneyi inkayambiranso kuwerenga manambala akadzaza, nkumaika chilembo patsogolo kuti asiyane, ndipo nambala ya panjayo inalibe chilembo. Ikanatha kukhala ya zaka zingapo zosiyana. Nambala yathunthu imabisala pansi pa chigwiriro cha kumanzere.

"Mayi, ndiyenera kumasula apa. Ndi katundu wa malemu. Mundilola?"

"Masulani. Mwini wake sakananso."

Sikuluwu inali imodzi yokha, koma inanditengera nthawi, chifukwa chigwirirocho chinali cha labala wakale wouma amene amasweka ngati mbale ya dothi. Chigwiriro chitachoka ndinaona sipuling'i. Inali yafulati, ngati tsamba la chitsulo, osati yopotana ngati ya m'bolopeni imene anayamba kuika pambuyo pake. Pambali pake panali nambala ija, tsopano ili ndi chilembo chake. Ndinatsegula buku, ndinatsata mzere ndi chala, ndinabwerezanso. Kadzidzi, sipuling'i ndi chilembo zinagwirizana. Kenaka ndinayendetsa galasi pa mpope ponse ndi pa kagudumu, kufuna tizisoti tachifumu tija. Panalibe ngakhale kamodzi.

Ndinavula magalasi nkulankhula ngati ndili m'kalasi, ndipo ndikuvomera kuti ndinkadzimva. Ndinati mfutiyi inapangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, bambo a a Kalinde asanabadwe nkomwe. Inapangidwira onga wautsi ngati wa gogodela, ndipo munthu ataikamo chipolopolo cha masiku ano akhoza kudzivulaza yekha. Sinadutse ku Britain, kumene mfuti zambiri za kwathu zinkachokera. Boma limene linali ndi mfuti zamakono silikanapatsa kazitape wake chidole chotere.

NaJere anandilola kuti nditsirize.

"Mwatiuza zaka," anatero. "Zaka ndinakufunsani ine? Mfuti yakale silowa m'bokosi? Nambala yanuyo yanena kuti inapangidwa liti. Yanena kuti anawapatsa ndani?"

Ankanena zoona. Ndinali nditatsimikiza kuti nkhani ya anthu inali yokayikitsa. Sindinatsimikize kuti inali yabodza. Ndinawauza choncho, pamaso pa mayi a Tadala, ndipo ndinaona nkhope ya mayiwo ikugwa. M'moyo wanga wonse sindinadanepo ndi kunena zinthu molondola ngati tsiku limenelo.

Ndinatola chigwiriro chija kuti ndichibwezere. Pofuna kupukuta fumbi ndinachitembenuza, ndipo mkati mwake munali zolemba zokandidwa ndi msomali. A Walter ankandiuza kuti eni mfuti ankakonda kulemba maina awo mmenemo, poopa akuba, ndipo ndinayenera kuyang'anamo poyamba penipeni; kunyada ndi nambala kunandiiwalitsa. Ndinaika galasi. Munali dzina lakuti Stefan, ndi dzina la msewu wina wa kumadzulo kwa South Bend.

Nditaliwerenga mokweza, mayi a Tadala anagwira pakamwa.

"Mdala Stefan," anatero. "Wa maso obiriwira uja, ankatipatsa makabichi."

Anatifotokozera pang'onopang'ono, akukumbukira pamene ankalankhula. Stefan anali mmodzi mwa okalamba oyambirira amene a Kalinde anawasamalira, kale ali ku South Bend. Mkazi wake atamwalira, mutu unayamba kusokonekera, ndipo ankanena kawirikawiri kuti akufuna kumutsatira. Tsiku lina a Kalinde anabwera kunyumba osafuna kudya. Anangoti, "Ndachotsa chinthu choipa pansi pa pilo wa mdala uja. Mwana wake wati ndisachibwezenso." Mayi a Tadala anaganiza kuti ndi botolo la mowa kapena mapiritsi, ndipo sanafunse.

"Ndiye akanachiika kuti?" anatero. "Kupita nacho kupolisi, munthu wakuda wokhala kuno pa chiphaso cha sukulu, mfuti m'manja? Kuchitaya m'bini kuti ana achitole? Kukuuzani inu? Inu?" Anatiyang'ana tonse awiri. "Bokosi lija ndi lokhalo limene linali ndi loko."

Kenaka NaJere anafunsa funso limene palibe mmodzi wa ife anafunsapo pa zaka zonse zija.

"Mayi a Tadala, ndiuzeni pamaso pa Mulungu. Amuna anu ndiwo ananenera achimwene anga?"

"Ayi."

"Mukudziwa bwanji? Za mfutiyi simunadziwe."

"Sindinadziwe, zoona. Koma ndikudziwa kuti ankadziwa zimene munkawaganizira. Tikamachoka pa phwando ankandiuza m'galimoto kuti, lero ndinakambirananso za sinowo ndi anthu asanu ndi awiri. Ndinkati tisiye kupita. Iwo ankati asiye, akuopa, ifenso tikuopa. Kabuku kaja kali m'dirowa umo, katengeni. Bambo anu atamwalira, NaJere, anthu anadzaza nyumba yanu tsiku lomwelo, ena ochokera ku Michigan. Mukuganiza kuti anawaimbira ndani, mmodzimmodzi? Kumudzi anapita kukaika mayi awo, kenaka mlongo wawo. Ankabwerako chifukwa sanatsegulepo pakamwa, kuno kapena uko. Zimenezo ndi zimene munkazitcha ukazitape."

Ana inu, monga munthu wa mbiri yakale ndiyenera kukuuzani kuti ngakhale pamenepa panalibe umboni wotseka nkhani. Dzina la Stefan linafotokoza mfuti. Silinafotokoze za kalata ija, ndipo amene anainenera sitidzamudziwa. Chimene chinatsala chinali mawu a mkazi wamasiye, ndi kusankha kuwakhulupirira kapena ayi. Buku langa linalibe mzere wa zimenezo. Ndinalitseka.

NaJere anayang'ana pa thaulo. Atayankhula, mawu awo anali otsika kwambiri moti ndinachita kuwerama.

"Kalata ija ndinawerenga ndine. Palibe anandituma. Ndinkafuna kuti anthu aseke."

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawamvepo akunena zimenezo. Mayi a Tadala anatambasula dzanja pa tebulo, kudutsa pamwamba pa mfuti yomasulidwa ija, nkugwira dzanja la NaJere. Analira onse awiri, ndipo ine, posowa chochita, ndinabwezera chigwiriro nkumanga sikuluwu mosamala kuposa mmene inkafunikira. Mfutiyo pambuyo pake tinakaipereka ku chipinda chapansi chija, kumene inalembedwa m'kaundula ndi maina awiri, la Stefan ndi la agogo anu a Kalinde.

Amene anayamba kupukuta maso anali NaJere. Anayang'ana chitofu nkunena kuti, "Asewere, ketulo yanu yaphwa madzi."

Mawu amenewo mwina simuwadziwa. Ndi mmene amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana, ndipo sanenedwa nkhani isanathe. Mayi a Tadala anadzuka nkuthira madzi ena osayankha, koma ndinaona kuti anatulutsa makapu a alendo olemekezeka, aja a maluwa amene inu amakuletsani kuwagwira.

NaJere anatsegula chikwama, anatulutsa foni, anaigwira patali monga amachitira mpaka lero, nkuimba. Inangolira kamodzi.

"Limbani? Usiye kunditekisita, ndili moyo. Ndili kwa apongozi ako. Umutenge Tadala mubwere kuno, tikambe za nsalu ya chinkhoswe, masiku atha. Ndipo ugule anyezi panjira, muno mulibe."

Inu awiri munachokera pa foni imeneyo.

Ndine agogo anu aamuna, ku South Bend.